Tsoka la Mnzako Lasanduka Mpamba

Pali malonda ena amene afala m'mizinda mwathu chiyambire kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta, ndipo mmene akuchitikira zikundiwawa kuposa kukwera kwa mitengoko. Munthu amafika pamalo ogulitsira magalimoto ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu ali pa chiwongolero cha Prado, Fortuner kapena Hilux. Akufuna aisiye pomwepo, atenge kagalimoto kosamwa mafuta, Mira, Vitz kaya Sienta, ndipo mwini malowo amupatse ndalama yotsalayo. Kale kusinthitsa galimoto kunali kupita patsogolo: unkasiya yotopa, n'kuikapo ya pamwamba, n'kutuluka ndi yabwinopo. Masiku ano ambiri akusinthitsa chotsika, ndipo ya pamwambayo iyenera kuchoka m'thumba la wamalonda. Ndalama ikangoti iyende chobwerera chotere, khalidwe lenileni la malonda athu limaonekera poyera.

Palibe munthu amatsika m'Prado n'kukakwera Mira chifukwa cha chimwemwe. Mu May 2022 Reserve Bank ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, ndipo sabata yomweyo bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Amene anagonapo pa mzere wa mafuta m'miyezi ya kusowa ija akudziwa kuti ngakhale mtengo umenewo unali wa papepala chabe, poti wa m'zigubu unali wina. Injini ya Prado zambiri za petulo ndi 2,700cc kapena kuposerapo, pamene ya Mira ndi 660cc. Bambo wopuma ntchito amene anagula galimoto yaikulu ndi ndalama yake ya penshoni amangoiyang'ana itaima pabwalo. Inshuwalansi ikudikira, matayala atha, fizi ya mwana ku koleji yakwera, kuchipatala akufuna ndalama, wakatapila akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina amaitsuka bwinobwino, n'kuvala jekete, n'kunyamuka.

Wamalonda amadziwa zonsezi asanatsegule n'komwe boneti. N'chifukwa chake funso lake loyamba silikhala la injini. "Bwana wanga, galimoto yabwino chonchi mwaiganizira chiyani? Kunyumba n'kwabwino?" Ife tinaleredwa kuti munthu akakufunsa za kunyumba umamuuza zoona, chifukwa wofunsa za mavuto ako ndi amene akufuna kukusenzako. Ndiye bamboyo amamasuka. Amanena za mayi a kunyumba amene adokotala akuti apite nawo ku India kapena ku South Africa. Amatchula tsiku limene sukulu yaika kuti mwana asalowe m'kalasi popanda lisiti. Wamalondayo amapukusa mutu n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, bambo," uku m'mutu mwake akuchotsera mamiliyoni pa mtengo umene anali nawo poyamba. Wadziwa kuti munthuyu sangadikire mwezi, sangayende malo atatu kukafunsa, sangabwerere kunyumba chimanjamanja. Kuyambira pamenepo chimene chikuikidwa mtengo si galimotonso ayi, koma masiku amene mwini wake angathe kupirira.

Ichi ndicho chandilembetsa. Chifundo, chimene timanyadira kuti ndicho chizindikiro cha mtundu wathu, chasanduka chida chofufuzira pamene munthu wafookera. Tikafika poti mwamuna ayenera kubisa matenda a mkazi wake kuti asadyeredwe masuku pamutu, ndiye kuti chagwa si kwacha yokha. Umunthu nawo wagwa.

Akatha kumva mavutowo, kumayamba kunyoza. "Madala, zoterezi zilibenso msika. Ndani masiku ano angagule chinthu chomwa mafuta chonchi? Ikhala pano chaka chathunthu. Giyabokosi ikuchedwa kusintha, mwaimva? Ndikungokuthandizani poti ndinu munthu wamkulu." Buku la Miyambo m'Baibulo, pa mutu 20, linamujambula kalekale wogula wotereyu, wonyoza katundu pogula koma wodzitama akangochoka. Mawa lake galimoto yomweyo ili pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, yapukutidwa, ikutamandidwa kuti injini yake sinakhudzidwepo ndipo mwini wake anali mmodzi, munthu wachikulire wosamala zinthu. Zilema zonse zimene zinatchulidwa dzulo zazimiririka. Ukalamba wa mwini wake, umene dzulo unali pomugonjetsera, lero ndiwo ukukopa ogula.

Msampha waukulu wa kusinthitsa uli poti mitengo ilipo iwiri, koma munthu amangomvetsera nambala imodzi, ya pamwamba ija. Tiyerekeze kuti galimoto yaikuluyo ingagulidwe K60 miliyoni pamsika, ndipo yaing'onoyo ndi ya K15 miliyoni. Mwachilungamo mwini galimoto yaikulu akanalandira ndalama yoyandikira K45 miliyoni, kuchotsapo phindu loyenera la wamalonda. Koma wamalondayo amaitsitsa yaikuluyo n'kuiika pa K48 miliyoni, n'kuikweza yaing'onoyo kufika pa K19 miliyoni, ndipo manambala awiriwa sawatchula. Amangoti, "Ndikupatsani Mira iyi ndi K29 miliyoni, lero lomwe." Kwa munthu amene ngongole ya K10 miliyoni ikumusowetsa tulo, K29 miliyoni imamveka ngati chipulumutso. Sazindikira kuti wadyedwa kawiri, pogulitsa ndi pogula pomwe. Akachita mwayi wofunsa mitengo payokhapayokha n'kudandaula kuti yake yatsitsidwa kwambiri, wamalonda amaikweza ndi mamiliyoni awiri, kenaka n'kukwezanso yaing'onoyo ndi awiri omwewo ponena kuti ndi yongofika kumene. Bamboyo amachoka akuganiza kuti walimba pokambirana, chikhalirecho ya pamwamba ija sinasunthe n'komwe.

Pali bodza lina lovuta kuligwira chifukwa manambala ake ndi oona. "Bambo, munaigula zingati galimotoyi?" Ngati anaigula mu 2019, pamene dola inali pafupifupi K750, mtengo umene akukumbukira ndi wa kwacha ina imene kulibenso. Wamalonda amati, "Mwaona, ndikukupatsani zoposa zimene munagulira, chonsecho mwaiyendera zaka zonsezi." Koma iye akudziwa chimene bamboyo sakudziwa, ndicho ndalama imene ingafunike lero kuti galimoto ngati imeneyo ifike m'dziko muno. Iyenera kulipiridwa m'madola ku Japan, madola amene kubanki sapezeka wamba. Iyenera kukwera sitima mpaka pa doko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa kudutsa m'dziko la Tanzania mpaka pa chipata cha Songwe ku Karonga, kapena idzere ku Durban kaya ku Beira. Ikalowa imakumana ndi msonkho wa MRA, umene umakula malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Choncho galimoto yaikulu yolipiridwa kale msonkho, yokhala ndi nambala ya m'dziko muno, ili ndi mtengo umene mwini wake wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni mwina sakuulota n'komwe. Wamalonda amaona mitengo imeneyi tsiku lililonse pafoni pake. Kudziwa zambiri si tchimo, koma kugwiritsa ntchito kudziwako pophimba mnzako m'maso ndi kuba.

Sindikunena kuti wamalonda agwire ntchito yaulere. Ali ndi zifukwa zomveka zogulira motsikirapo. Galimoto yaikulu imachedwadi kutuluka, ndipo mwezi uliwonse umene yaima pamalopo akulipira lendi ndi alonda. Ngati mpamba wake ndi wa ngongole, chiwongoladzanja chikumudya. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wamalonda wamng'ono akakongola amalipira choposa pamenepo. Mwinanso galimotoyo ili ndi matenda amene adzaonekera patsogolo. Zonsezi akanatha kuzinena poyera: "Bambo, pamsika ingapite pa mtengo wakuti, ine ndichotsapo zakuti chifukwa cha izi ndi izi. Ngati mungathe kudikira, kaigulitseni nokha, mudzapeza zambiri." Amalonda olankhula chonchi alipo, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti anzawo amawaseka kuti sadziwa geni.

Nkhani sithera pa mtengo. Ogulitsa ambiri ndalama yawo ili m'magalimoto amene aima pabwalopo, m'thumba muli zochepa. Choncho ya pamwamba ija, imene inalonjezedwa kuti ndi ya lero lomwe, imafika theka. "Yotsalayo Lachisanu, bwana, pali cheke chimene ndikudikira kubanki." Bamboyo wapereka kale makiyi ndi blue book, chifukwa kukana kukanaoneka ngati kukayikira munthu amene wakhala akumutcha bambo tsiku lonse. Lachisanu limadutsa. Foni imayamba kulira osayankhidwa. Akapita pamalopo amapeza galimoto yake inapita kale, ndipo mnyamata wotsuka magalimoto ndi amene amamuuza kuti abwana ali ku Dar. Ndalamayo ikamadzabwera pang'onopang'ono miyezi itapita, zinthu zakwera mtengo, ndipo imene ikanakwanira opaleshoni sikukwananso. Kuwonjezera apo, umwini wa galimoto kawirikawiri susinthidwa msanga ku Road Traffic, poti wamalonda safuna kuilembetsa m'dzina lake pamene akuyembekeza kuigulitsa. Ikachita ngozi kapena ikagwidwa itanyamula zoletsedwa, dzina limene apolisi adzapeze m'kaundula ndi la bambo uja.

Pakati pa awiriwa pamaimanso ena odyerapo. Dobadoba amene waperekeza bamboyo, akumutcha malume njira yonse, anapangana kale ndi wamalonda za gawo lake, ndipo gawolo limakula bamboyo akalandira zochepa. Makaniko amene waitanidwa kuti aone kagalimoto kakang'onoko amalandira ya bamboyo masana n'kulandiranso ya wamalonda madzulo, ndiye amagogoda apa ndi apo n'kunena kuti zonse zili bwino. Sanena kuti makilomita amene akuoneka pa mita ndi obwezedwa, ngakhale kuti chikalata chimene galimoto imatulukira ku Japan chimalemba makilomita amene inali nawo poyesedwa kumeneko, ndipo wofuna choonadi akhoza kupempha kuti achione. Munthu amene wamulipira kuti akuonere akayamba kuonera mdani wako, watsala ndi ndani?

Koma tisanamizane, obweretsa magalimoto nawonso si onse osalakwa. Alipo amene amadzera kaye kugalaja asanafike posinthitsira. Amathiramo oyilo wolimba kuti injini isamveke kugogoda, amachotsa kababu kochenjeza za vuto la injini, amamata ndi kupenta pamene panaphwanyika pa ngozi, n'kukalumbira kuti galimotoyi sinagundepo ngakhale nkhuku. Ena amabisa zoti galimotoyo ndi chikole cha ngongole kwinakwake. Aliyense amadzikhululukira ndi mawu amodzimodzi: "Nanenso anandipusitsa pogula." Wamalonda amati amatsitsa mtengo chifukwa makasitomala amanama, kasitomala amati amanama chifukwa amalonda amaba. Onse akunena zoona za mnzawo, ndipo palibe amene akufuna kuyamba kusiya.

Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito mu 1970, ndipo maganizo amenewa ndi amene anamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi anzake awiri. Mfundo yake inali yakuti ogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yobisa matenda, amapereka mtengo wotsika pa zonse. Eni magalimoto abwino amakhumudwa n'kuchoka pamsika, n'kutsala zowonongeka zokhazokha. Wolangidwa ndi munthu wosamala uja, amene ankasintha oyilo pa nthawi yake n'kusunga malisiti onse a kugalaja. Akanena kuti galimoto yake ili bwino palibe amamukhulupirira, chifukwa wabodza ananenanso mawu omwewo dzulo pamalo omwewo.

Komabe chimene chimandithetsa mphamvu kwambiri si kubako. Akuba analipo kuyambira kale. Chachilendo n'chakuti lero timawaombera m'manja. Madzulo wamalonda uja amakhala pakati pa anzake n'kumafotokoza mmene wamudyera mdala wina, onse n'kumaseka ndi kumutcha dolo. Mkazi wake amamva. Ana ake amamva. Mnyamata wotsuka magalimoto amamva, n'kusunga mumtima kuti umu ndi mmene munthu amalemerera. Lamulungu amapereka chakhumi chonenepa, amaitanidwa kutsogolo, mwina n'kuperekanso umboni wakuti Mulungu wamutsegulira makomo, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene amafunsa kuti ndalamayo yachokera m'nyumba ya yani. Nayenso bambo wodyedwa uja akazindikira sauza munthu. Amachita manyazi, choyamba poti watsika, chachiwiri poti wapusitsidwa. Manyazi achoka kwa wakuba n'kukakhala pa woberedwa. Mudzi umene zinthu zafika potere wadwala, ngakhale nkhokwe zake zitadzaza.

Ovutika koposa ndi amayi amasiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika chilango pa achibale olanda katundu wa womwalira. Koma galimoto imene alamu ake alephera kulanda, mayiyo akhoza kuitaya yekha pamalo ogulitsira, mwamtendere, atasaina ndi dzanja lake. Mwina sanaiyendetsepo, sadziwa mtengo wake, akungofuna kagalimoto kopititsira ana kusukulu ndi kandalama koyambira bizinesi. "Mayi, malemu anali mnzanga, sindingakupwetekeni." Ndi mawu amenewo chuma chimene bambo anasiyira ana ake chimaphwa, ndipo palibe amene angakasume kuti walandidwa, poti zonse zinachitika mwa mgwirizano.

Matendawa si a magalimoto okha. Ndi omwewo a venda wofika kumudzi ndi sikelo yobera nthawi yokolola, podziwa kuti mlimi ali ndi ngongole ya feteleza. Ndi omwewo a munthu wogula chimanga chili m'munda mu February, mwini wake atagona ndi njala. Malo ogulitsira magalimoto angosiyana poti ali ndi mpanda wokongola ndipo manambala ake ali m'mamiliyoni. Makolo athu nawo ankanenerera malonda, ndipo ankalimbana kwambiri pa mtengo wa mbuzi kapena ng'ombe. Onyenga analiponso. Koma pankakhala mboni, ndipo wogulitsa chiweto chodwala mobisa ankadziwa kuti nkhani ikafika pabwalo la mfumu, mbiri yake idzaipa mudzi wonse. Wogula ankadziwa kuti mawa akumana ndi wogulitsayo pamaliro, pachitsime, pa ukwati wa ana awo. Ankakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mumzinda timachita malonda ngati sitidzaonananso, chonsecho dziko lathu ndi laling'ono, ndipo wamalonda amene akuseka lero likhoza kumufikira tsiku logulitsa nyumba yake mwachangu kwa munthu amene anaphunzira geni kwa iye.

Malamulo alipo. Pali lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onamizidwa pa malonda. Koma bungwe lingagwire pati pamene zonse zinachitika pakamwa, popanda pepala losonyeza mtengo wa galimoto iliyonse, popanda mboni, wodandaulayo akuopanso kuti anzake adziwa? Malonda a mamiliyoni makumimakumi tikuwamaliza ndi kugwirana chanza, mwambo umene unali ndi mphamvu pamene munthu akalonjeza ankaopa kubweza mawu. Chanza tachisunga, koma mantha amenewo anatha.

Inu abale anga ogulitsa magalimoto, ntchito yanu ndi yofunika, ndipo popanda inu anthu ambiri sakanakhala ndi choyendera. Idyani phindu la thukuta lanu, la luso lanu, la mpamba umene mwaikapo. Koma munthu akakuuzani kuti mkazi wake ali m'chipatala, mtengo umene munali nawo asanalankhule ukhale womwewo atalankhula. Muuzeni mitengo yonse iwiri. Ngati mulibe ndalama yokwanira ya pamwamba, nenani, mumusiye apite kwina ndi galimoto yake. Nanu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mumadzudzula chigololo ndi uchidakwa mosatopa. Dzudzulaninso chinyengo cha pa malonda mochitchula dzina, masikelo obera, mamita obwezedwa, ndalama za pamwamba zosamalizidwa, ngakhale wochita zimenezi ndi amene anagula malata a tchalitchi.

Ndipo inu amene mukuganiza zokasiya galimoto yanu yaikulu sabata ino, musapite nokha. Funsani kaye malo angapo kuti angaigule zingati popanda kusinthitsa, ndipo mtengo wa yaing'onoyo muufunse padera. Za kunyumba kwanu muuze m'bale wanu, wogula musamuuze. Zikundiwawa kupereka langizo limeneli kwa Mmalawi mnzanga, koma ndi pamene tafika. Mitengo yonse iwiri ilembedwe papepala pamaso pa mboni, ndipo makiyi ndi blue book zisachoke m'manja mwanu mpaka ndalama yonse italowa ku akaunti yanu ndipo mwapitira limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini.